Glubb Pasha, Mlonda wa Malire a Jordan

John Bagot Glubb anabadwira ku Preston, m'dziko la England, m'chaka cha 1897. Atamenya Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, imene inamsiyira chipsera pachibwano, anapita ku Iraq mu 1920, kumene anaphunzira Chiarabu ndi makhalidwe a mafuko a m'chipululu oweta ngamira.

Mu 1930 analowa m'gulu la nkhondo la Transjordan lotchedwa Arab Legion. Masiku amenewo mafuko anali kudumpha malire a dzikolo ndi dziko la Mfumu Ibn Saud, nalandana ziweto. Glubb anaona kuti msilikari wosadziwa zitsime sangalonde chipululu. Tsono mu 1931 anakhazikitsa gulu la Desert Patrol, nalemba ntchito eni chipululuwo, ngakhale iwo amene kale anali kufunkha. Anawamangira malinga, nawapatsa magalimoto ndi mawailesi, nawaphunzitsa kuwerenga ndi kumvera lamulo. Patapita zaka zowerengeka kufunkhana kunaleka.

Anakhala mkulu wa Arab Legion mu 1939. Pa nkhondo ya 1948 asilikari ake anagwira mzinda wakale wa Jerusalem, ndipo pambuyo pake analonda malire ndi Israel, amene analekanitsa midzi yambiri ndi minda yake.

Koma Aarabu ambiri anali kufunsa ngati mlendoyu atumikira Amman kapena London. Pa 1 March 1956 Mfumu Hussein inamchotsa, nipereka ulamuliro wa asilikari kwa eni dziko. Motero nzeru imene iye anayamba nayo, yakuti malire alondedwe ndi eni ake, inamfikira mwini wake. Anamwalira ku England mu 1986.