Ludwig Mond—Munthu Amene Anaulutsa Chitsulo Monga Nthunzi

KWA zaka zambiri amuna a ku Madziwa, m'dera la migodi la Bindura ndi Shamva ku Zimbabwe, anali kutsikira pansi pa nthaka kukakumba miyala yokhala ndi nickel. Pakati pawo panali ochokera ku Malaŵi, Mozambique, ndi Zambia. Mgodiwo unatsekedwa cha m'ma 2000, ndipo nyumba zake zinadzakhala koleji ya aphunzitsi. Komabe, awo amene anagwirako ntchito amakumbukirabe kuti nickel ndi chitsulo chosamva moto msanga. Sichimasungunuka kufikira kutentha kutafika pa madigiri 1,455 Celsius. Kodi mungakhulupirire kuti chitsulo chimenechi chikhoza kuuluka monga nthunzi pa kutentha kosakwanira nkuŵiritsa komwe madzi a tiyi? Munthu amene anasonyeza zimenezi anali Ludwig Mond.

Mond anabadwira m'banja lachiyuda ku Kassel, Germany, pa March 7, 1839. Anaphunzira sayansi ya makemikolo ku Marburg, ndiyeno ku Heidelberg pansi pa Robert Bunsen, koma anachoka asanalandire digiri. Mtima wake unali m'mafakitale. Mu 1862 anapita ku England, kumene anagwira ntchito m'tauni yautsi ya Widnes, akumapulumutsa sulufule m'zinyalala zonunkha za mafakitale a soda. Mu 1873, iye ndi bwenzi lake John Brunner anayambitsa kampani yawoyawo ku Winnington. Zaka zoyambirira zinali zangongole ndi makina osweka kaŵirikaŵiri, koma m'kupita kwa nthaŵi Brunner Mond inakhala imodzi ya makampani aakulu koposa opanga soda padziko.

Laŵi Limene Linasintha Maonekedwe

Kutulukira kwake kotchuka kunayamba ndi vuto lokwiyitsa. Zotsekera mapaipi zopangidwa ndi nickel zinali kudyeka m'fakitale yake, pamene chitsulo chimenecho sichimayenera kudyeka motero. Mlandu unagwera mpweya wa carbon monoxide, umene umatuluka pamene makala akunyeka popanda mpweya wabwino wokwanira. Chotero omthandiza ake, Carl Langer ndi Friedrich Quincke, anayamba kupititsa mpweyawo pa ufa wa nickel wotenthedwa, akumayatsa wotsalawo potulukira kuti usawaphe. Ndiyeno anaona chinthu chachilendo. Pamene chipangizocho chinali kuzizira, laŵi lija linayamba kuŵala kwambiri. Atatenthetsa paipi yagalasi modutsa mpweyawo, mkati mwake munamatirira chitsulo chonyezimira monga kalirole. Anali nickel. Chitsulocho chinali chitayenda m'paipi chili mpweya! Mu 1890 amuna atatuwo analengeza msanganizo watsopanowo, wotchedwa nickel carbonyl.

Kodi zimenezi zimatheka motani? Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi tinthu tating'ono kwambiri timene sitimaleka kuyenda, ndipo kutentha kumatiwonjezera nyonga. M'chinthu cholimba, tinthuto timangonjenjemera pamalo pake chifukwa chakuti ngogwirana zolimba. M'chinthu chamadzimadzi, timatsetserekana koma osatayana. Titapeza nyonga yoposa mphamvu yotikokera pamodzi, timabalalika nkukhala mpweya. Maatomu a nickel ngogwirana mwamphamvu kwambiri, nchifukwa chake pamafunikira ng'anjo yoopsa kuti alekane. Koma pa madigiri pafupifupi 50, timagulu tinayi ta carbon monoxide timazinga atomu imodzi ya nickel ndi kuichotsa pakati pa anzake. Kachinthu katsopanoko sikamakokana kwenikweni ndi tinzake, kotero kuti nickel carbonyl imaŵira pa madigiri 43 okha. Ikatenthedwa kufika pa madigiri 200 kapena kuposerapo, tinthuto timagundana mwamphamvu kwakuti kamangidwe kake kamasweka. Nickel amatsala, ndipo carbon monoxide imamasuka kuti ikatengenso wina.

Apa mpamene Mond anasiyana ndi asayansi ambiri a m'tsiku lake. Ena akanakhutira ndi kulemba nkhani m'magazini a akatswiri. Iye anaona kuti mkuwa ndi zitsulo zina zosakanizika ndi nickel sizimauluka mosavuta motero, ndi kuti mpweyawo ukhoza kusankha nickel yekha monga momwe mayi amapetera mphale. Mu 1900 anakhazikitsa Mond Nickel Company, ndipo mu 1902 fakitale yoyenga inayamba ntchito ku Clydach, pafupi ndi Swansea ku Wales, ikumalandira miyala yosungunulidwa kale kuchokera ku Sudbury, Canada. M'fakitaleyo timibulu ta nickel timazunguliridwa mumpweya wotenthawo, tikumakula pang'onopang'ono m'miyalo yonga ya anyezi. Njirayo yagwiritsiridwa ntchito kumeneko kwa zaka zoposa zana limodzi. (Nickel wa ku Madziwa sanadzere njira imeneyi. Ku Bindura anali kuyengedwa ndi magetsi.)

Mtengo Umene Antchito Analipira

Mond anali ndi mbiri ya kusamalira antchito. Brunner Mond inali pakati pa makampani oyambirira ku Britain kufupikitsa mashifiti kukhala a maola asanu ndi atatu ndi kupereka tchuthi cholipiridwa. Ngakhale ndi tero, kuuluka kosavuta kumene kunapangitsa nickel carbonyl kukhala yothandiza ndiko kunaipangitsanso kukhala yakupha. Imaloŵa m'mapapu mosavuta, ndipo munthu angaoneke ngati wachira kwa maola angapo chifuŵa chisanamtsekere. M'zaka zoyambirira za fakitale ya Clydach, antchito ena anaupuma mpweyawo ndi kufa.

Tsoka lina linadzaonekera Mond atamwalira kale. Amuna ambiri amene anagwira ntchito kumeneko m'zaka zoyambirirazo anadwala kansa ya m'mphuno ndi ya m'mapapu, ndipo mu 1958 dokotala Richard Doll anafalitsa kufufuza kwake kosonyeza kukula kwa ngoziyo. Umboni unaloza makamaka ku fumbi la m'zipinda zootchera miyala, osati ku mpweya wotchukawo. Fumbi lija, limene silinaopedwe kwenikweni, ndilo linatenga miyoyo yochuluka.

Chuma chake chochuluka Mond anachithera pa sayansi ndi zojambulajambula. Mu 1896 anapatsa Royal Institution ya ku London nyumba yofufuzira yotchedwa Davy-Faraday Research Laboratory, ndipo zithunzithunzi zake zakale za amisiri a ku Italy anazisiyira National Gallery. Anamwalira ku London pa December 11, 1909, ali ndi zaka 70. Mu 1926 mwana wake Alfred anagwirizanitsa Brunner Mond ndi makampani ena atatu kupanga Imperial Chemical Industries, nakhala tcheyamani wake woyamba.