Florence Nightingale, namwino amene anali kukonda masamu

Florence Nightingale anabadwa pa 12 Meyi 1820 mu mzinda wa Florence, m'dziko la Italy. Makolo ake anamupatsa dzina la mzinda womwewo. Iwo anali ocokera ku England, ndipo Florence anakulira kumeneko.

Atate ake ndiwo anali kumuphunzitsa kunyumba. Pa maphunziro onse, Florence anakonda kwambiri masamu. Atakula, anafuna kukhala namwino. Makolo ake anakana cifukwa masiku amenewo anthu olemera anali kunyoza nchito imeneyi. Koma Florence sanabwerere m'mbuyo. Mu 1851 anapita ku Germany kukaphunzira kusamalira odwala.

Mu 1854, asilikali a ku Britain anali pa nkhondo ku Crimea. Ovulala ndi odwala anali kuwapereka ku cipatala ca ku Scutari, m'dziko la Turkey. Florence anapita kumeneko pamodzi ndi anamwino 38.

Zimene anapeza zinali zomvetsa cisoni. Cipatala cinali cauve kwambiri. Munali makoswe, nsabwe ndi fungo loipa. Zimbudzi zinali zodzala. Sopo, mankhwala ndi mabulangete zinali zosowa. Florence ndi anzake anayamba kukolopa, kucapa zovala ndi kuphika cakudya cabwino. Usiku, iye anali kuyendera odwala atanyamula nyale. Motero anthu anamucha Mai wa Nyale.

Florence anali kucitanso nchito ina. Anali kuwerenga ndi kulemba manambala. Kodi odwala afika angati? Acira ndi angati? Nanga amwalira ndi angati, ndipo cawapha n'ciani?

Mu 1855, boma linatumiza anthu okakonza zimbudzi ndi ngalande za madzi oipa pa cipatalaco. Anakonzanso kuti mphepo yabwino izilowa. Pambuyo pake, imfa zinacepa kwambiri.

Nkhondo itatha mu 1856, Florence anabwerera ku England. Anakhala pansi ndi William Farr, katswiri wa manambala, nawonkhetsa zonse zimene zinalembedwa. Yankho linali lodabwitsa. Asilikali ambiri sanafe ndi zipolopolo ai. Anafa ndi matenda monga kolera ndi kamwazi, amene amabwera cifukwa ca uve ndi madzi oipa.

Florence anadziwa kuti akuluakulu a boma sangawerenge masamba ambirimbiri a manambala. Ndiye anajambula cithunzi cozungulira ngati licero. Anacigawa zigawo 12, cigawo cimodzi kuimira mwezi umodzi. Mtundu wofiira unaimira asilikali amene anafa ndi mabala. Wabuluu unaimira amene anafa ndi matenda opeweka. Wakuda unaimira amene anafa ndi zinthu zina. Aliyense woona cithunzico anaona msanga kuti mtundu wabuluu ndiwo unali waukulu koposa.

Manambala ake anathandiza kuti boma likonze zipatala ndi nyumba za asilikali. Miyoyo ya anthu ambiri inapulumuka. Mu 1858, Florence anakhala mkazi woyamba kulowa m'gulu la akatswiri a manambala ku London. Mu 1860 anatsegula sukulu ya anamwino pa cipatala ca St Thomas, mu mzinda womwewo.

Kwa zaka zambiri Florence anali kudwala, koma anapitiriza kulemba ali pabedi. Anamwalira pa 13 Ogasiti 1910. Lero, pa 12 Meyi caka ciliconse, anamwino ku Zambia ndi m'maiko ena amakondwerera tsiku lao. Ili ndi tsiku limene Florence anabadwa.

Mau atsopano

namwino, uve, ngalande, katswiri, kuwonkhetsa

Yankhani mafunso awa

1. Kodi dzina la Florence linacokera kuti?
2. Ndi anamwino angati amene anapita naye ku Scutari?
3. N'cifukwa ciani anthu anamucha Mai wa Nyale?
4. Kodi n'ciani cinapha asilikali ambiri?
5. Mtundu wabuluu pa cithunzi unaimira ciani?
6. Florence anabadwa mu 1820 ndipo anamwalira mu 1910. Anali ndi zaka zingati?

Zocita

M'magulu, funsani anzanu onse m'kalasi mwezi umene anabadwa. Lembani maina a miyezi 12 m'buku lanu. Pa mwana aliyense, ikani kamzere kamodzi pafupi ndi mwezi wake. Mukatha, werengani timizere tonse. Ndi mwezi uti umene uli ndi ana ambiri? Nanga ndi uti umene uli ndi ana ocepa? Onetsani aphunzitsi anu zimene mwapeza.