Emily Kame Kngwarreye: Gogo Amene Madontho Ake Anazunguza Akatswiri

Emily Kame Kngwarreye anabadwa cha m'ma 1910 ku Alhalkere, m'dera louma la Utopia, kumpoto chakum'mawa kwa Alice Springs m'dziko la Australia. Anali wa mtundu wa Anmatyerre, umodzi mwa mitundu imene inkakhala m'dzikolo azungu asanafike. Sukulu ya zojambula sanaipondemo. Pa utsikana wake ankagwira ntchito m'mafamu a ng'ombe, koma luso analiphunzira pamiyambo ya amayi, pomwe ankalemba mizere pathupi ndi pamchenga.

Mu 1977 anayamba kupaka utoto pansalu pamodzi ndi amayi anzake. Penti ya pachinsalu anaigwira koyamba chakumapeto kwa 1988, ali ndi zaka pafupifupi 80. Chithunzi chake choyamba, Emu Woman, chinamutchukitsa msanga. M'zaka zisanu ndi zitatu zokha anajambula zithunzi pafupifupi 3,000.

Apa ndi pamene akatswiri anayamba kukanda mutu: zithunzizi aziike m'gulu liti? Madontho sanali achilendo m'zojambula. Ku France, Georges Seurat ankaika timadontho ta mitundu yosiyana moyandikana kuti diso lisakanize lokha, ndipo m'zithunzi zake mumaoneka anthu, mitengo ndi mtsinje. Ku Papunya, kuyambira mu 1971, amuna a ku chipululu anayamba kujambula ndi penti, ndipo kenako ena ankaphimba zizindikiro zopatulika ndi madontho kuti alendo asazione.

Zithunzi za Kngwarreye zinali zina. Madontho ake ankasanjikizana mpaka mlendo osaona chinthu chodziwika. Chifukwa cha ichi, ena anamuyerekezera ndi akatswiri a ku America ndi ku Ulaya amene amajambula maonekedwe osaimira chinthu chilichonse. Koma kwa mwiniwake, dontho lililonse linali ndi kwawo. Ankajambula Alhalkere: mbewu, udzu, nyama, ndi chilazi cha m'tchire chimene mizu yake imayanga pansi panthaka. Dzina lakelo, Kame, limatanthauza mbewu ya chomerachi. Kunena kuti zithunzi zake siziimira kanthu kunali kumulanda dziko lomwe ankajambula. Kuziona ngati zokongoletsa za mwambo chabe kunali kupeputsa luso lake.

Kutchuka kunabwera ndi mtolo. Amalonda ankamupanikiza kuti ajambule zambiri, ndipo ndalama zomwe ankapeza ankagawira abale ochuluka. Komabe sanaleke kusintha kajambulidwe. Mu 1995 anajambula Big Yam Dreaming, mizere yoyera pachinsalu chakuda chotalika mamita 8.

Anamwalira ku Alice Springs mu September 1996. Chaka chotsatira, zithunzi zake zinaimira Australia pachionetsero cha Venice Biennale. Mu 2007 chithunzi chake cha Earth's Creation chinagulidwa pa madola a ku Australia opitirira 1 miliyoni. Lero dzina la Alhalkere likudziwika kutali, ndipo amene analifikitsa kumeneko ndi mayi amene moyo wake wonse anakhala pafupi ndi kumene anabadwira.