George de Hevesy ndi Atomu Zosonyeza Njira

George de Hevesy anabadwa pa 1 Ogasiti 1885 mumzinda wa Budapest ku Hungary, m'banja lochita bwino lomwe makolo ake anali amtundu wa Chiyuda. Atatsiriza maphunziro ake a kemisitiri ku Freiburg mu 1908, anapita ku Manchester mu 1911 kukagwira ntchito pansi pa katswiri wotchuka Ernest Rutherford. Kumeneko ndi komwe anakumana ndi ntchito yomwe inamukanika, koma n'kukhalanso chiyambi cha kutchuka kwake.

Rutherford anali ndi mulu wa mtovu womwe munali chinthu china chotulutsa cheza chotchedwa radium D, ndipo anauza mnyamatayu kuti alekanitse ziwirizi. Hevesy anayesa njira zonse zomwe ankazidziwa kwa zaka pafupifupi ziwiri, koma zinakanika. Vuto silinali ulesi kapena kuchepa nzeru ayi. Radium D ndi mtovu ndithu, kungoti atomu zake ndi zolemererapo pang'ono ndipo zimatulutsa cheza. Atomu zotere, zamtundu umodzi koma zosiyana kulemera, ndi zomwe Frederick Soddy anazitcha ma isotope mu 1913. Pa kemisitiri zimachita zinthu mofanana, choncho asidi kapena moto sizikanatha kuzisiyanitsa.

Apa ndi pomwe pali nzeru za mkuluyu. Iye anaganiza kuti ngati ziwirizi sizilekana, ndiye kuti kulikonse komwe mtovu wapita, radium D ali komweko, ndipo cheza chake chiulula malowo. Zili ngati ng'ombe imodzi yovekedwa belu: mbusa akamva kulira kwa belu, wadziwa komwe gulu lonse lili. Mu 1913 iye ndi Friedrich Paneth anagwiritsa ntchito njirayi ku Vienna poyeza kuchuluka kwa mchere wa mtovu womwe umasungunuka m'madzi, ngakhale unali wochepetsetsa moti sikelo sikanauona.

Pali nkhani yomwe imakambidwa kawirikawiri yoti ali ku Manchester ankakayikira kuti mayi wa nyumba yomwe ankagonako amawadyetsa nyama yotsala. Akuti tsiku lina anathira kanthu kotulutsa cheza pa nyama yomwe anasiya m'mbale, ndipo patapita masiku chipangizo chake chinaipeza m'ndiwo zina.

Mu 1920 anasamukira ku Copenhagen kwa mnzake Niels Bohr. Ali kumeneko, iye ndi Dirk Coster anatulukira elementi ya nambala 72 m'miyala ya zircon, naitcha hafnium potengera dzina la mzindawo m'Chilatini. Zimenezi zinalengezedwa mu 1923. Komabe, m'kuona kwanga, chachikulu chomwe anachita m'chakacho n'china. Anathirira mbewu ya nyemba madzi okhala ndi mtovu wotulutsa cheza, kenaka n'kuyeza kuti wafika wochuluka bwanji kumizu, kutsinde ndi kumasamba. Kanali koyamba kulondola chinthu m'kati mwa chamoyo mwa njira yotere.

Koma mtovu ndi poizoni, ndipo si chakudya cha thupi. Mwayi unadza mu 1934 pamene Irène ndi Frédéric Joliot-Curie anaonetsa kuti munthu angathe kupanga yekha ma isotope otulutsa cheza. Chaka chotsatira Hevesy ndi dokotala Ole Chievitz anadyetsa makoswe phosphorus-32, ndipo anapeza kuti yambiri inakalowa m'mafupa. Ambiri ankaganiza kuti fupa la nyama yaikulu likakhwima latha, lili ngati mwala. Kafukufukuyu anaonetsa kuti fupa limalandira atomu zatsopano ndi kutaya zakale moyo wonse. Njira zomwe zipatala zimagwiritsa ntchito pounika chithokomiro, mtima ndi mafupa pobaya wodwala mankhwala otulutsa cheza chochepa zinamera pa maganizo amenewa.

Mu Epulo 1940 asilikali a Germany analanda dziko la Denmark. Ku ofesi ya Bohr kunali mamendulo awiri agolide a mphoto ya Nobel, a Max von Laue ndi James Franck, omwe anawatumiza kuti akasungidwe. Kutulutsa golide m'dziko la Germany unali mlandu waukulu, ndipo maina a eni ake anali olembedwa pa mamendulowo. Von Laue anali akadali ku Germany, kotero akanaona zakuda. Hevesy anasungunula mamendulowo mu aqua regia, womwe ndi msakanizo wa asidi awiri amphamvu, naika botolo lake pashelefu pakati pa mabotolo ena. Linakhala pomwepo mpaka nkhondo itatha. Golideyo anamutulutsanso m'madzimo n'kumutumiza ku Stockholm komwe anasula mamendulo ena.

Iye mwini sanakhale ku Copenhagen mpaka mapeto a nkhondo. Mu 1943 anathawira ku Sweden chifukwa moyo wa aliyense wa magazi a Chiyuda unali pachiswe. Mu 1944 anapatsidwa mphoto ya Nobel ya kemisitiri ya chaka cha 1943 kaamba ka ntchito yake yolondola zinthu pogwiritsa ntchito ma isotope. Anapitiriza kafukufuku wake ku Stockholm, makamaka pa za magazi ndi matenda a khansa, ndipo anamwalira pa 5 Julayi 1966 ku Freiburg, mzinda womwe anaphunzirako ali mnyamata.