Ambuye Mathurin Guillemé ndi Mpingo Umene Anausiyira Eni Dziko

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Lilongwe kunka ku Mchinji, akapitirira Mpingu ndi Namitete, amayamba kumva anthu akutchula malo ena kuti ku Guilleme. Ambiri otchula dzinali amangoganiza za tchalitchi ndi sukulu zimene zili kumeneko, osadziwa kuti linali dzina la munthu, nkhalamba ya ku France imene inamwalira ku Likuni m'chaka cha 1942. Mbiri yake iyenera kudziwika kwa owerenga athu, makamaka aphunzitsi ndi antchito a Boma, pakuti ionetsa m'mene mpingo wa Katolika m'dera lino unachokera m'manja mwa alendo ndi kulowa m'manja mwa eni dziko.

Mathurin Guillemé anabadwa pa 3 Julaye 1859 ku Sainte-Marie, pafupi ndi Redon, m'chigawo cha Brittany. Ali mnyamata analowa chipani cha ansembe a White Fathers, chimene Ambuye Lavigerie anachiyambitsa ku Algiers m'chaka cha 1868, ndipo analandira unsembe mu 1883. Chaka chotsatira anamtumiza ku Zanzibar, ndipo kuchokera kumeneko anayenda ulendo wa miyezi yambiri kufikira ku Kibanga, kutsidya la kumadzulo kwa nyanja ya Tanganyika, m'dziko la Congo.

Masiku amenewo malonda a akapolo anali atasakaza midzi ya m'mbali mwa nyanjayo. Ntchito yaikulu ya ansembe ku Kibanga ndi ku Mpala, kumene Bambo Guillemé anakhalanso, inali kuombola ana kwa ogulitsa akapolo, kuwalera, kuwaphunzitsa, ndipo atakula kuwamangitsa mabanja pafupi ndi mishoni. Kotero mpingo woyamba umene iye anaudziwa unali wa ana opanda make, opanda malume, opanda mfumu yakwao. Mpingo wotere umamvera msanga, koma uli ndi chilema chake, pakuti zonse umayang'ana kwa wansembe, chakudya ndi milandu yomwe.

Kudza kwake kuno

M'chaka cha 1899 Ambuye Joseph Dupont, amene Abemba anamutcha Moto Moto, anapita ku Ulaya chifukwa cha matenda, ndipo Bambo Guillemé anaikidwa kuti agwirizire udindo wake m'dera la mpingo lotchedwa Nyasa. Deralo linali lalikulu ndithu, kuyambira kwa Abemba kufikira kunyanja yathu ino, koma kuno kunalibe mishoni ya White Fathers ndi imodzi yomwe, popeza ija ya kwa Mponda ya mu 1889 inali itatsekedwa mu 1891. Iye ndiye anatembenuzira maso a anzake kum'mwera. Mu 1902 anatsegula Chiwamba ndi Mua, mu 1903 Kachebere, ndipo m'chaka chomwecho mishoni ya ku Chiwamba inasamukira ku Likuni. Ambuye Dupont atatula pansi udindo, Bambo Guillemé anadzozedwa kukhala Episkopi mu 1911. Mu 1913 dziko la Abemba linapatulidwa kukhala dera lapalokha, iye natsala ndi mbali ino, nakhala ku Bembeke.

Tsono kuno anapeza zosiyana kotheratu ndi za ku Kibanga. Achewa a ku chigwa cha Lilongwe sanali amasiye ayi. Anali ndi mafumu awo, manda a makolo awo, mizinda yawo ya gule, ndi mwambo wa mbumba umene umati mwana ali m'manja mwa malume wake. Wansembe sakanatha kumanga mudzi wakewake wa Akristu. Anayenera kupempha malo kwa nyakwawa, ndi kudikira. Chida chake chinali sukulu ya kumudzi, kachisakasa ka udzu, ndi mphunzitsi wachikuda amene ankaphunzitsa kuwerenga ndi katekisimu pakati pa sabata, natsogolera mapemphero Lamulungu. Wansembe ankafika mwakamodzikamodzi, wapansi kapena panjinga. Amene ankaona odwala, kuyang'anira maliro, ndi kuyankha mafunso a akuluakulu madzulo pabwalo anali mphunzitsiyo. Aphunzitsi a lero adziwe kuti mpingo wa ku Mpingu, ku Nsaru ndi kwa Kabudula unakula pa mapewa a anthu a ntchito yawo yomweyi, ngakhale maina a ambiri a iwo sanalembedwe pena paliponse.

Lamulo la White Fathers linali lakuti munthu aphunzire zaka zinayi asanabatizidwe. Oyamba kupirira zaka zimenezo anali ana ndi achinyamata, pamene akuluakulu ankangoonerera chapatali, ena nadikira ubatizo wa pa mphasa ya imfa. Apa ndiye panabuka mkangano wa mibadwo. Mwana wobatizidwa analetsedwa kupita kudambwe, mtsikana analetsedwa chinamwali cha kumudzi, ndipo kwa agogo ake zimenezi zinatanthauza kuti mwanayo sadzakula, ndiponso kuti sipadzakhala wowavinira pa maliro awo. M'zaka za m'ma 1920 mkangano wa mishoni ndi nyau unafika poipa: m'midzi ina anyamata ankachotsedwa pa sukulu kunka kudambwe, ndipo ansembe ankakadandaula kuboma, koma Boma la Atsamunda silinathetse gule.

Sitingabise kuti pa nkhani imeneyi Ambuye Guillemé anali munthu wa nthawi yake. Iye ndi ansembe ake anaona nyau ngati mdani basi, ndipo mabanja ambiri anagawikana chifukwa cha ichi. Mpikisano wawo ndi a mishoni ya Dutch a ku Mvera, Kongwe, Nkhoma ndi Malingunde, wolimbirana midzi yomangamo sukulu, unagawanso anthu amene anali pachibale. Mibadwo yapambuyo inaona zinthu mwina, kotero kuti ku Mua komweko wansembe wa chipani chomwecho, Bambo Claude Boucher, anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, osungirako ndi kufotokozera miyambo imene akale ake ankaithira nkhondo.

Dziko lisinthika

Pamene ankalimbana ndi zimenezi, moyo wa m'midzi unali kusinthika mofulumira. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 inatenga amuna ambiri kukasenza mtengatenga, ndipo chimfine cha 1918 chinapha anthu osawerengeka. Kuyambira 1920 fodya wochiza ndi utsi anafala kuchokera ku esiteti ya A. F. Barron ku Mbabzi, ndipo bungwe la Native Tobacco Board linakhazikitsidwa mu 1926. Ndalama zinalowa m'midzi, anthu anasamukira ku minda yatsopano, ndipo anyamata ena ochuluka anapita ku Halale ndi ku Joni, ena osabwerako. Mkristu amene wansembe anamphunzitsa zaka zinayi ankatha kusowa chaka chachisanu, natsala mkazi wake ndi ana m'mudzi wa kuchikazi. Motero amayi ndiwo anakhala mizati ya tchalitchi m'midzi yambiri.

Ambuye Guillemé anayankha zimenezi m'njira zitatu. Poyamba anasendeza mishoni kufupi ndi anthu: Likuni yokha sikanatha kufikira midzi yonse ya kumpoto, ndipo mu 1928 anatsegula Nambuma, kumalire a Lilongwe ndi Dowa. Chachiwiri, mu 1929 anayambitsa chipani cha asisiteri achikuda a Tereza Woyera, m'masiku amene makolo ambiri ankaona mtsikana wokana ukwati ngati wopha mbumba. Asisiteriwa anatha kulowa m'nyumba za amayi ndi kulangiza atsikana, kumene wansembe wachizungu sakanafikako.

Chachitatu ndicho chinafuna kudekha koposa, monga akulu amanenera za woti aone maso a nkhono. Anayambitsa sukulu ya anyamata ofuna unsembe ku Mua, imene pambuyo pake inasamukira ku Kasina, ndipo opambana ankawatumiza ku seminale yaikulu ya Kipalapala ku Tanganyika. Njira yake inali yaitali, ya zaka zoposa khumi, ya Chilatini ndi mwambo wolimba, ndipo ambiri anabwerera panjira. Pa zaka zonse 23 za uepiskopi wake sanadzoze wansembe wachikuda wa kuno ndi mmodzi yemwe, koma sukuluyo sanaitseke.

Mu 1934 anatula pansi udindo, ndipo m'malo mwake munalowa Ambuye Oscar Julien a ku Canada. Mishoni yatsopano imene inatsegulidwa mu 1935 m'boma la Fort Manning, limene tsopano ndi Mchinji, inapatsidwa dzina lake. Iye sanabwerere kwawo ku France. Anakhala kuno monga nkhalamba ya pamudzi, ndipo anali moyobe mu 1937 pamene Cornelius Chitsulo, mwana wa ku Mua, anadzozedwa kukhala wansembe woyamba wa Katolika wa dziko lino, ndi mu 1939 pamene seminale yaikulu inatsegulidwa ku Kachebere, mishoni imene iye anaiyamba. Anamwalira ku Likuni pa 7 Epulo 1942, ali ndi zaka 82.

Zimene zinatsatira

Patapita zaka 15 chimwalirire iye, mu 1957, Bambo Chitsulo anadzozedwa kukhala Episkopi ku Dedza. Mu 1972 Ambuye Patrick Kalilombe, nayenso wobadwira ku Mua, anakhala Mmalawi woyamba pa mpando wa Lilongwe, ndipo pa msonkhano wa dayosizi wa 1973 mpaka 1975 anakhazikitsa miphakati, timagulu ta mabanja oyandikana amene amapemphera, kuyendera odwala ndi kuthandizana pa maliro popanda kudikira wansembe. Uwu ndiwo mpingo wosiyana kwambiri ndi uja wa ana oomboledwa a ku Kibanga, koma sukanakhalako popanda aphunzitsi, asisiteri ndi ansembe amene Ambuye Guillemé anawakonzeratu.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti theka la anthu a m'Malawi anali osakwana zaka 18. Kotero funso limene linali pamaso pa nkhalamba ija lafikanso kwa akulu a mipingo yonse ku Namitete, ku Nsaru, ku Nambuma ndi kwina, pamene achinyamata ambiri akulowera ku mzinda wa Lilongwe ndi ku mipingo yatsopano. Kale ana ndiwo anali m'tchalitchi, akuluakulu ali kunja. Tsopano akuluakulu ali pa mipando, ndipo ayenera kusankha ngati ana adzapatsidwa ntchito yeniyeni kapena adzangouzidwa kukhala chete. Mkulu wa mpingo, mphunzitsi wamkulu, ndi mkulu wa ofesi ya Boma yemwe, aliyense adzifunse ngati pali amene akumkonzera kudzatenga malo ake, ndiponso ngati tsikulo likadzafika adzavomera kunyamuka pampando monga anachitira Ambuye Guillemé mu 1934.