Augustine: Mphunzitsi Amene Anasiya Kupenda Nyenyezi

Musaganize kuti zoombeza zimakola anthu osapita kusukulu okha. Mumudziwa Augustine? Anabadwa mu 354 ku Thagaste, dera lomwe lero lili m'dziko la Algeria. Atakula anakhala mphunzitsi ku Carthage, koma anayamba kuwerenga mabuku a openda nyenyezi kuti adziwe za mawa. Dokotala wina wachikulire, Vindicianus, amene nayenso anaphunzirapo zimenezi, anamulangiza kuti ataye mabukuwo. Iye sanamve.

Chinamutsegula maso ndi nkhani ya mnzake Firminus. Ameneyu anabadwa nthawi imodzimodzi ndi mwana wa kapolo, ndiye kuti nyenyezi zao zinali zofanana. Koma Firminus analemera, mnzake uja n'kukhalabe kapolo. Augustine anaganiziranso za mapasa aja, Esau ndi Yakobo. Apa anaona kuti zonsezi n'zabodza, n'kuzisiya.

Zaka zonsezi amai ake, a Monica, anali kumupempherera ndi misozi. Mu 387 anabatizidwa ku Milan, pambuyo pake anakhala bishopu wa ku Hippo mpaka imfa yake mu 430.

Manje inu m'bale wanga, inu mlongo wanga, nchito ikasowa kapena banja likagwedezeka, mumathamangira kuti? Kwa ng'anga za pa Facebook? Ku horoscope ya pa foni? Werengani Deuteronomo 18:10-12 sabata ino. Mawa lanu lili m'manja mwa Yesu. Ndipo ngati mwana wanu analowa m'zimenezi, musaleke kugwada. Ameni!