DAG HAMMARSKJÖLD, MLENDO AMENE ANAFERA KU NDOLA

Aphunzitsi a ku Nkwazi, ku Twapia ndi m'midzi yozinga Ndola alidziwa dzina la Dag Hammarskjöld cifukwa ca imfa yace. Koma moyo wace uli ndi phunziro loposa, makamaka kwa mphunzitsi amene m'sukulu mwace muli ana a mipingo yosiyana, ndi ena a ku mzikiti.

Anabadwa pa 29 July 1905 ku Jönköping, m'dziko la Sweden. Atate wace, Hjalmar, anali nduna yaikuru ya dzikolo kuyambira 1914 kufikira 1917. Mwanayo anakulira ku Uppsala mu mpingo wa Lutheran, ndipo amace, Agnes, anali bwenzi la bishopu wamkuru Nathan Söderblom, amene anasonkhanitsa mipingo yambiri ku Stockholm m'caka ca 1925 kuti igwire nchito pamodzi. Cotero anaona akali mnyamata kuti anthu opemphera mosiyana angathe kukhala pa mphasa imodzi. Anaphunzira za malamulo ndi za cuma, natumikira boma la kwao zaka zambiri.

M'caka ca 1953, ali ndi zaka 47, anasankhidwa kukhala Mlembi Wamkuru wa bungwe la United Nations. M'bungwemo munali Akristu, Asilamu, Ayuda, Ahindu, Abuda, ndi maboma ena okana Mulungu, ndipo iye anayenera kuwatumikira onse mosakondera. M'caka ca 1955 anapita ku Peking kukakambirana ndi Chou En-lai za oyendetsa ndege a ku America amene anali m'ndende, ndipo pambuyo pace anamasulidwa. Pa nkhondo ya ku Suez ya 1956 anakonza gulu la asilikari a mitundu yambiri loimirira pakati pa omenyanawo.

Nchito imene anaisamala ndi mtima wonse inali yaing'ono m'maso a anthu. M'nyumba ya bungwelo ku New York munali kacipinda kosinkhasinkhiramo, ndipo iye anakakonzanso, nakatsegula m'caka ca 1957. Sanaikemo mtanda, kapena mwezi, kapena cizindikiro ca cipembedzo cina ciri conse. Pakati anaikapo mwala wa citsulo wocokera ku Sweden, wolemera matani 6 ndi theka, ndi kuunika kumodzi kogwera pamwamba pace. Anafuna kuti yense wolowamo apemphere monga mwa cikhulupiriro cace, nakumbukire kuti citsulo cimodzi comweco cisulidwa mkondo kapena khasu.

Ena akadaganiza kuti munthu wotere analibe cipembedzo cace-cace. Sikunali tero ai. Pa maulendo ace sanasiye Cipangano Catsopano ndi Masalmo. Anawerenganso mabuku a anzeru a cipembedzo ca Cisilamu, monga Rumi, ndi a ku China. Anapalana ubwenzi ndi Martin Buber, mphunzitsi waciyuda, namcezera ku Yerusalemu m'caka ca 1959; ndipo m'masabata ace otsiriza anali atayamba kumasulira m'cinenero ca kwao buku la Buber lonena za kukomana kwa munthu ndi mnzace ndi Mulungu.

Dziko la Congo litalandira ufulu m'caka ca 1960, cigawo ca Katanga cinapatuka, ndipo kunabuka nkhondo. Hammarskjöld ananyamuka ku Léopoldville kuti akakomane ndi Moïse Tshombe ku Ndola, aletse kukhetsa mwazi. Usiku wa pa 17 kuca wa 18 September 1961 ndege yace inagwa m'thengo kufupi ndi mzindawo. Mwa anthu 16 amene analimo, mmodzi yekha, Harold Julien, anapezeka wamoyo, koma iyenso anamwalira patapita masiku owerengeka. Ootcha makala ndi anthu a ku Twapia anati anaona ndege yaciwiri ndi moto kumwamba, koma ofufuza a boma la atsamunda sanasamale mau ao. M'caka ca 2017 woweruza wa ku Tanzania, Mohamed Chande Othman, anauza bungwe la United Nations kuti nkutheka ndegeyo inaciridwa ciwembu.

Anaikidwa ku Uppsala, napatsidwa mphotho ya mtendere ya Nobel atafa kale. M'nyumba mwace munapezeka zolemba za mapemphero ndi maganizo ace, zimene zinasindikizidwa m'caka ca 1963. Pamenepo ambiri anazizwa poona kuti nduna yofatsa ija inali kutsata njira ya mtanda mwakacetecete zaka zonsezo.

Pamalo pamene ndegeyo inagwa pali cikumbutso, ndipo nyumba ya mabuku ya ku Mindolo, ku Kitwe, inachedwa ndi dzina lace. Mphunzitsi wopita ndi ana ace kumeneko angawauze za munthu amene anagwira cikhulupiriro cace zolimba, nasiyira mnzace malo opempherera.